Nthabwala za Loweruka ku Aarhus: munaziona bwanji?

Tamanda (Aarhus):
Moni akuluakulu nonse. Loweruka madzulo tinapita anthu asanu kukaonera anthabwala a eni dziko kuno ku Denmark, zija amaima munthu mmodzi pansanja, maikolofoni kumanja, n'kumangoyankhula yekha. Zonse zinali m'Chidanishi. Pobwerera tinakangana njira yonse mpaka ndinati nkhaniyi ndikaitule pagulu, chifukwa tinakhala tebulo limodzi, tinamva mawu amodzimodzi, koma ine ndinatuluka nthiti zikuwawa pamene achimwene anga a Yamikani anatuluka ali ndwii.

Malo ake ndi chipinda cha pansi pa nyumba. Mumatsika masitepe opapatiza, majekete n'kusiya pakhomo. Timatebulo tating'ono, kalikonse ndi kandulo yake monga amachitira kuno, anthu atathithikana moti bondo lako likugundana ndi la munthu wosamudziwa. Panali wotsogolera mwambo ndi anthabwala atatu, pakati n'kupumira kuti anthu akagule mowa.

Woyamba anali mtsikana, nkhani yake ya kalendala. Akuti anaimbira foni mayi ake omubereka kuti akufuna kukawaona, mayiwo n'kutsegula kalendala, n'kumupatsa Lachinayi la sabata yachitatu, kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko, chifukwa 6 koloko ali ndi kwaya. Inu, ine ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, zimenezi ndimaziona ndi maso angawa. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo amayi ena achikulire pambali panga ankaseka uku akugwedeza mutu kuvomereza.

Wachiwiri anali bambo wa kumadzulo kwa Jylland, wa kayankhulidwe kakumudzi kaja komeza mawu. Zambiri zinandidutsa. Zomwe ndinagwira ndi za tinyama ta mink, toweta chifukwa cha ubweya wake, tija boma linalamula kuti tiphedwe tonse mu November 2020 poopa korona, n'kutikwirira mothamanga, kenako mitembo yake n'kuyamba kutumphuka m'nthaka chifukwa cha mpweya wa kuwola. Iye amati m'dziko muno chinthu chokha chimene chinaukapo kwa akufa anthu akuona ndi mink, n'chifukwa chake boma linaona kuti tsiku la mapemphero la Store Bededag lilibenso ntchito, n'kulichotsa pa masiku a tchuthi. Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko.

Wachitatu anakamba za maliro a bambo ake. Koma tiyambe ndi zimene wotsogolera mwambo anawachita a Yamikani, anene okha eni ake.

Yamikani (Aarhus):
Zikomo achemwali. Tinakhala kutsogolo chifukwa mipando ya kumbuyo inali itatha. Mkulu uja atangokwera anayamba kufunsa anthu mayina ndi ntchito zawo, uyu mphunzitsi, uyu wokonza mapaipi, aliyense kumuserewula pang'ono. Atafika pa ine anafunsa kwathu. Ndinati ku Malawi. Iye anati sakudziwa kuti dzikolo lili pati, koma akukhulupirira kuti juzi yake yakale ili komweko. Anthu anaseka, inenso ndinamwetulira, za kaunjika n'zoona. Kenako anafunsa kuti ndani anatumizapo ndalama pa Danmarks Indsamling, pulogalamu ya pa TV ija yosonkhetsa ndalama zothandizira maiko osauka. Manja anakwera ambiri. Ndiye anandiloza n'kunena kuti nali lisiti lanu, lakhala kutsogolo kuno likumwa mowa wa mtengo wa ku Denmark.

Nyumba inagwedezeka. Ine ndinangoti kakasi. Ndine mwana wa sukulu, lendi ndimalipira ndi ndalama yotsuka mbale usiku, ndipo palibe krona ya munthu aliyense m'chipinda chija imene inandifikitsa kuno.

Tamanda (Aarhus):
Nenani zonse achimwene, sanathere pomwepo.

Yamikani (Aarhus):
Eya, sanathere pomwepo. Anatembenukira anthu ake n'kuwauza kuti mumatumiza timakrona pa foni muli khale pasofa mukudya maswiti, mawa lake n'kumayenda ngati mwamanga dziko. Anafunsa kuti ndani angaloze Malawi pa mapu, dzanja silinakwere ndi limodzi lomwe. Sindikukana kuti muvi unkapita kwa iwo. Koma chiseko cha pa lisiti chinali chachikulu kuposa cha pa mapu. Ndipo nthawi yopuma, ndili pamzere wogula chakumwa, bambo wina anandigwira paphewa n'kunditchula lisiti, anzake n'kuseka. Ameneyo mbali yachiwiri ija sanapite nayo kwawo. Anapita ndi yoyamba.

Mayi Nachisale (Copenhagen):
Pepa mwanangu, pepa ndithu. Ine n'chifukwa chake malo amenewo sindipondako. Ndakhala kuno nthawi yaitali, pa TV ndimaziona, nthabwala zawo ndi zolaula, kutukwana ndi kunyoza Mulungu basi. Kuuka kwa akufa n'chinthu choseweretsa? Iwe Tamanda, mwana wokulira mu mpingo, unaseka zimenezo?

Tamanda (Aarhus):
Ndinaseka amayi, sindibisa. Koma wonyozedwa pamenepo sanali Ambuye, linali boma. Paja mukukumbukira mmene anthu anakwiyira mu 2023 pamene boma la a Mette Frederiksen linkachotsa tchuthi chimenechi kuti lipeze ndalama zoonjezera za asilikali. Mabishopu anakana, mabungwe a anthu apantchito anakana, anthu anadzaza pabwalo la nyumba ya malamulo ya Christiansborg, koma lamulo linadutsabe. Bambo uja amalira tchuthi chake, ndipo amakumbutsa kuti boma la nduna yaikulu yomweyo linapha mink zonse lamulo lolilola kutero lisanakhalepo. Kutukwana kunalipo, pamenepo sindikutsutsani, ndipo kwina kunali kosafunika n'komwe.

A Kondowe (Odense):
Ana inu ndaziwerenga zonse. A Yamikani, kupweteka kwanu ndakumva ndipo sindikukuchepetsa. Koma ndiloleni ndinene zimene zaka zandiphunzitsa za anthu awa.

Mdanishi akamakulemekeza kwambiri, kukuyankhula mofatsa, kusankha mawu, dziwa kuti sanakulandire. Tsiku limene ayamba kukuserewula pa chakudya cha masana kuntchito, akunyogodola malaya ako kapena timu yako ya mpira, ndiye kuti wakhala mnzawo. Ali ndi chinthu chimene amachitcha Janteloven, chochokera m'buku la Aksel Sandemose la mu 1933, malamulo khumi onena kuti usadziyese kanthu, usadziyese woposa anzako. Amadandaula nacho okha koma chili m'magazi. Nthabwala zawo zambiri ntchito yake ndi imeneyo, kutsitsa aliyense amene wayamba kukwera, ndipo woyamba kutsitsidwa amakhala mwini nthabwalayo. Taonani pulogalamu ya pa TV ya Klovn ya Frank Hvam ndi Casper Christensen, imene inayamba mu 2005. Anthu awiri otchuka akusewera ndi mayina awo enieni, n'kumadziyalutsa mpaka woonera kubisa nkhope. Anders Matthesen naye chimodzimodzi, ana anu amene akukulira kunowa amamudziwa ndi filimu ya makatuni ya Ternet Ninja ya mu 2018, koma pansanja ndi munthu wosasankha womugenda.

Ndiye mkulu uja akanakudumphani inu, ataserewula mphunzitsi ndi wokonza mapaipi, kunena kwake kukanakhala kwakuti uyu ndi mlendo, tisamukhudze, angasweke. Ine zimenezo zikanandiwawa koposa.

Chinanso, amene anakweza manja aja ambiri sadziwa kuti boma lawo linatseka ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2002 n'kuimitsa thandizo lake ku Malawi. Otsala ndi mabungwe othandiza monga la mpingo lija la Folkekirkens Nødhjælp. Munthu wowauza pamaso kuti simunamange dziko la wina aliyense, ine ndimuombera m'manja.

Yamikani (Aarhus):
Malume, ndikumva. Koma mphunzitsi anamuseka pa uphunzitsi wake, wokonza mapaipi pa mapaipi ake. Ine sanandifunse n'komwe kuti ndimaphunzira chiyani. Akanandifunsa akanapeza zoseketsa zambiri. Anangomva Malawi, basi nkhani inatha.

A Zulu (Aalborg):
Pamenepa mnyamatayu wanena zoona, ndipo a Kondowe mundilole nditsutsane nanu. Kwathu ku Chipata tili ndi chimbuya pakati pa Angoni ndi Abemba. Mbemba amanditchula wodya mbewa, ine ndimamutchula wodya anyani, pamaliro amatha kundipaka ufa kumaso pagulu ndipo sindingakwiye. Chifukwa chiyani? Chifukwa mawa maliro akagwa kwawo ufa uli m'manja mwanga. Kwanu ku Malawi muli ndi chisuweni, n'chimodzimodzi. Chipongwe chimakoma pamene onse awiri ali ndi pakamwa.

Loweruka lija mkulu uja anali ndi maikolofoni, chiyankhulo chake, nyumba yodzaza ndi abale ake. A Yamikani anali ndi chiyani? Akanayankha m'Chidanishi cha kusukulu, pofuna mawu oyenera nthabwala itadutsa kale. Chimenecho si chisuweni. Zimene mukunena za kuntchito n'zoona, inenso anzanga amandiserewula, koma ndimawabwezera tsiku lomwelo, ndipo tadyera limodzi nthawi yaitali. Uyu anamuona koyamba usiku umenewo.

A Kondowe (Odense):
Wokhala kutsogolo m'malo amenewo amadziwa chimene chikumudikira, a Zulu. Ngakhale Mdanishi sabwezera, ndi mmene masewerawo amakhalira. Kwa eni kulibe mkuwe.

A Zulu (Aalborg):
Koma mnyamatayu amakhoma msonkho kwa eni komweko. Adzakhala mlendo mpaka liti?

Limbani (Manchester):
Ndilowerereko ngakhale ndili kutali. Nthabwala yomweyo ya mabungwe othandiza ndi momwe azungu amaonera Africa, Daliso Chaponda amainena kuno, ndipo inamufikitsa pa nambala 3 mu Britain's Got Talent mu 2017. Azungu amaseka, ifenso timaseka, palibe amatuluka ali ndwii. Nkhani ndi imodzi, koma wonena ndi mwana wa ku Malawi, ndipo chala chake chimaloza omvera, sichiloza munthu wakuda mmodzi amene wapezeka m'chipinda. Mkulu wa ku Aarhus anali ndi mfundo yabwino, koma anabwereka thupi la a Yamikani osapempha.

Komanso tisawaike Adanishi onse m'thumba limodzi. Sofie Hagen ndi wa ku Denmark, anasamukira kuno, ndipo mu 2015 anapata mphoto ya wanthabwala watsopano ku Edinburgh. Nkhani zake zambiri ndi za thupi lake, banja lake ndi matenda a maganizo, ndipo amakana poyera zoseka anthu ofooka kale. Ndiye si zoona kuti Mdanishi aliyense amaganiza kuti chilichonse chikhoza kunenedwa.

Che Yusufu (Copenhagen):
Salaam abale. Ine mawu akuti "ndi nthabwala chabe" ndimawamva ndi khutu lina. Pa 30 September 2005 nyuzipepala ya Jyllands-Posten, ya ku Aarhus komweko, inasindikiza zojambula 12 za Mtumiki, nawonso ankati ndi ufulu wa kuseka. Zimene zinatsatira mukuzidziwa, maofesi a akazembe kuotchedwa, anthu kufa m'maiko ena, katundu wa ku Denmark kunyanyalidwa. Chiwawa chija sindinachivomereze ndipo sindidzachivomereza. Koma amene tinali kuno nthawi imeneyo tinaona mmene nthabwala ya m'nyuzipepala imasandukira dzina lokuitanira mumsewu. Zimene a Yamikani anakumana nazo pamzere wa chakumwa ndi zomwezo, kungoti zazing'ono.

Ndipo eni akewo sakhulupirira kuti malire kulibe. Lamulo loletsa kunyoza chipembedzo analichotsa mu 2017, koma mu December 2023 anakhazikitsa lina loletsa kuotcha mabuku opatulika pagulu. Ndime 266b ya malamulo awo a milandu imaletsabe kunyoza gulu la anthu chifukwa cha khungu, mtundu kapena chipembedzo. Sindikunena kuti mkulu uja anaphwanya lamulo, ayi. Ndikunena kuti iwonso amakangana za pamene mzere uli, ndiye ife tisaope kukanganapo nawo.

A Kondowe (Odense):
Che Yusufu, pa mfundo yoti tisaope ndili nanu. Chokhacho ndikuopa n'chakuti tingayambe kufuna kuti wina azipima nthabwala zisananenedwe. Ine ndinakula nthawi ya Kamuzu, pamene sewero lililonse linkayenera kudutsa ku bungwe lopima zisudzo ndi mabuku, pansi pa lamulo la mu 1968, ndipo munthu unkayang'ana kumbuyo usanaseke. Kuno wanthabwala Jonatan Spang wakhala akuonekera pa DR2, wailesi ya kanema yoyendera ndalama za misonkho, n'kumasewera nduna yaikulu, ndipo akamaliza amakagona kunyumba kwake mwamtendere. Chimenecho ndi chinthu cha mtengo wapatali. Ndilolera kumva nthabwala yoipa apo ndi apo kusiyana ndi kubwerera kuja.

Che Yusufu (Copenhagen):
Palibe wapempha bungwe lopima, bambo. Kusewera nduna ndi kusewera mwana wa sukulu wochokera kutali ndi zinthu ziwiri. Wanthabwala Victor Borge amene Adanishi amamunyadira uja ankaseka Hitler, iye ali Myuda, mpaka anathawira ku America mu 1940 Ajeremani atalanda dziko lino. Ameneyo ankagenda m'mwamba.

Chikondi (Malmö):
Ine ndimawoloka mlatho kawirikawiri kukaonera ku Copenhagen, ku Comedy Zoo pa Kompagnistræde paja ndi malo ena, ndiye ndinene ziwiri. Choyamba, amayi a Nachisale, si zolaula zokhazokha. Mu 2020 pa Zulu Comedy Galla, mwambo waukulu wa anthabwala, Sofie Linde amene ankatsogolera anasiya nthabwala pakati n'kufotokoza mmene mkulu wina wa pa TV anamuopsezera ali ndi zaka 18 kuti akakana zofuna zake amuonongera ntchito. Akazi ambirimbiri anatulukira poyera pambuyo pake, ndipo mwezi wa October chaka chomwecho mtsogoleri wa chipani cha Radikale, Morten Østergaard, ndi meya wa Copenhagen, Frank Jensen, anatula pansi maudindo. Zinayambira pansanja ya nthabwala.

Chachiwiri, zimene a Zulu akunena zoti onse awiri akhale ndi pakamwa zikuchitika kale. Omar Marzouk, amene makolo ake ndi a ku Egypt, wakhala akuwaseka Adanishi m'chiyankhulo chawo kwa zaka zambiri. Pali Mahamad Habane wa ku banja lochokera ku Somalia. Ndinaonerapo mtsikana wina, dzina silinamveke bwino, akusewera lamulo lija la mu 2019 loti munthu sangalandire unzika asanagwirane chanza ndi mkulu wa khonsolo. Amati anaphunzira Chidanishi, anakhoza mayeso a mbiri ya dziko, anakhoma msonkho, koma chimene dziko limadikira ndi chikhatho chake, ndiye ankachiphunzitsa kunyumba pa chitseko cha firiji. Adanishi anaseka mwamanyazi, ife tinaseka momasuka. Usiku umenewo ufa unali m'manja mwathu, a Zulu.

A Zulu (Aalborg):
Chimenecho ndiye chimbuya, achemwali.

Mayi Nachisale (Copenhagen):
Za Sofie Linde ndimazidziwa, mwana ameneyo analimba mtima. Koma Tamanda wanena kuti wina anaseka maliro a bambo ake. Zimenezo ndiye ziti? Bambo wako wokubereka?

Tamanda (Aarhus):
Amayi, ameneyo ndi amene ndakhala ndikumuganizira sabata yonse. Anali bambo wa zaka zapakati, woyankhula pang'onopang'ono moti ndinamva pafupifupi zonse. Anayamba ndi kwa okonza maliro, kuti anamupatsa buku la zithunzi za timitsuko toikamo phulusa la malemu, n'kumamufunsa ngati bambo ake ankakonda mtundu wobiriwira kapena wotuwa, iye n'kuzindikira kuti moyo wake wonse sanawafunsepo. Kenako mwambo wa kutchalitchi, wosakwana ola limodzi, nyimbo zitatu, aliyense akulira mobisa kuti asasokoneze mnzake. Atatuluka anapita kukamwa khofi ndi buledi, ndipo mkangano woyamba wa iye ndi mlongo wake unali wa nyale ya pabalaza, yodula ija, kuti atenga ndani. Amasewera mawu a mlongo wakeyo akunena kuti bambo anandilonjeza ine, uku akupukuta misozi ndi dzanja limodzi, lina litagwira kale chingwe cha nyale. Anthu anaseka kwambiri, ndipo kunali kuseka kwa anthu odziwa zimene akumva.

Kenako anati Lolemba anabwerera kuntchito, anzake n'kumugwira paphewa kamodzi, nkhani n'kutha. Misozi yeniyeni akuti inabwera patapita miyezi, atafuna kufunsa mmene amatsegulira mpope wa madzi wa kunyumba ya kunyanja, n'kupeza kuti waimba kale nambala ya bambo ake. Chipinda chinati zii. Anadikira, n'kunena kuti nyale ija anaitenga ndi iye, ndipo siyaka. Anthu anaseka ena akupukuta m'maso.

Yamikani (Aarhus):
Pa ameneyu ine ndi achemwali sitinakangane. Bambo anga anamwalira ine ndili kuno, tikiti sinapezeke, maliro ndinaonera pa foni ya msuweni wanga, netiweki ikudukaduka, ndikumva nyimbo za azimayi mwapatalipatali. Mawa lake ndinapita m'kalasi. Palibe amene ndinamuuza mmene zinalili chifukwa sindinkadziwa kuti Mdanishi angazimve. Bambo uja atanena za nambala ya foni, ndinadziwa kuti angazimve. Nambala ya bambo anga ikadali m'foni mwanga.

N'chifukwa chake za lisiti zija zikundiwawa kwambiri. Usiku womwewo ndinaona kuti luso lotere likhoza kumufika munthu pamtima popanda kumuchotsa ulemu. Wotsogolera uja anasankha njira yachidule.

Mayi Nachisale (Copenhagen):
Mwanangu, bwanji sunatiuze pagulu pano? Tikanabwera kudzakhala nawe, ndi mmene timachitira. Usadzachitenso zimenezo, maliro sasenza munthu mmodzi. Mzimu wa bambo ako uuse mumtendere.

Koma kunena za mlongo wake pagulu chonchija, ndi nyaleyo, mlongoyo akamva? Za m'nyumba zimathera m'nyumba.

A Kondowe (Odense):
Pepani a Yamikani, sindinadziwe. Amayi, kwathu pamaliro adzukulu amachita chiyani? Amakumba manda, amanyamula bokosi, komanso ndi omwewo amene amaserewula anamfedwa, kutsanzira kayendedwe ka malemu, kuseketsa anthu usiku pa siwa. Sitinena kuti ndi mwano, chifukwa tikudziwa kuti akupepuza mtima. Anthu awa alibe adzukulu, alibe siwa, sagona pamaliro. Ndiye munthu amasunga chisoni chake miyezi, n'kudzachitula pansanja pamaso pa anthu osawadziwa amene agula tikiti. Ine ndimawamvera chisoni pamenepo, koma sindinganene kuti ndi kunyoza malemu.

Mayi Nachisale (Copenhagen):
Adzukulu salipiritsa pakhomo, a Kondowe. Ndipo satchula za chuma cha masiye pagulu.

Limbani (Manchester):
Koma amayi, Izeki ndi Jakobo ankalipiritsa pakhomo, ndipo za kulanda chuma cha masiye, za mitala, za apongozi, zinkaseweredwa m'zisudzo za kwathu anthu n'kumaseka m'maholo. Kusiyana kwake n'kwakuti malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi ankavala mayina ena, ndiye palibe m'bale amene akanati mwandinena ine. Awa amanena kuti "bambo anga", "mlongo wanga", ndi nkhope yawo yomweyo. N'chifukwa chake zimatigwedeza. Mwinanso nyaleyo kulibe, mwina mlongoyo anavomera kale. Ambiri a iwo amayamba aonetsa abale awo.

Tamanda (Aarhus):
Ine ndikadali pomwe ndinali, kuti usiku uja unali wabwino ndipo ndidzapitanso. Ndaphunzira zambiri za anthu amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku kuposa zimene ndinaphunzira kusukulu ya chiyankhulo. Koma achimwene, za bambo wa pamzere wa chakumwa uja simunandiuze mu basi, ndaziona pano. Ndikanadziwa ndikanamuyankha ineyo, Chidanishi chokwanira kutero ndili nacho.

Yamikani (Aarhus):
Ndinaona kuti mukusangalala, sindinafune kukuonongerani. Ndamulembera wotsogolera uja pa Instagram. Sindinamutukwane. Ndamuuza kuti nthabwala ya mapu inali yabwino ndipo aipitirize, koma adziwe kuti mawu akuti lisiti ananditsatira mpaka pamzere, ndipo ulendo wina akapeza munthu wa ku Africa kutsogolo ayambe wamufunsa ntchito yake monga amafunsira ena onse. Sanayankhe.

A Kondowe (Odense):
Mwachita bwino kulemba. Anthu awa kuuzidwa maso ndi maso amakulemekeza kuposa kung'ung'udza kumbali. Ine ndikuonabe kuti mkuluyo sanali ndi mtima woipa.

Che Yusufu (Copenhagen):
Za mtima wake adziwa ndi Mulungu, bambo. Ife tikuona pamene mwala wagwera.

A Zulu (Aalborg):
A Yamikani, m'mizinda ikuluikulu yonse muno muli masiku amene aliyense amaloledwa kukwera pansanja kwa mphindi zochepa. Nkhani yanu ya lisiti, mutaifotokoza inuyo kuchokera pampando wanu uja, mpaka pamzere wa chakumwa, ingawaseketse n'kuwasiya akuganiza. Ganizirani.

Yamikani (Aarhus):
Ayi bambo, ine si wa pansanja, ndipo sindikufuna kuti aliyense wolakwiridwa azichita kukhala wanthabwala kuti amvedwe. Koma wina wa ife akakwera ndidzagula tikiti.

Chikondi (Malmö):
Amene Chidanishi chikadakuvutani, ku Copenhagen kuli malo angapo amene amachita nthabwala m'Chingerezi, ndipo ena mwa Adanishi, monga Simon Talbot, amachita m'ziyankhulo zonse ziwiri. Kumapeto kwa mwezi ndikupita, amene akufuna andipeze kumbali tigule matikiti pamodzi kuti tikhale tebulo limodzi. Ana musatenge, mawu ake ndi a akuluakulu. Amayi a Nachisale, inunso ndikukuitanani, ndikusankhirani tsiku la wanthabwala wosatukwana kwambiri.

Mayi Nachisale (Copenhagen):
Ine ayi mwanangu, pitani nokha. Koma Yamikani, Lamulungu likubwerali ukwere sitima ubwere kwathu, ndiphika nsima, tidzakhale pansi tikambe za bambo ako bwinobwino. Che Yusufu ndi amayi akunyumba mubwerenso, nyama ndikagula kogulitsa ya halaal ku Nørrebro.

Che Yusufu (Copenhagen):
Tibwera amayi, zikomo.

Yamikani (Aarhus):
Zikomo amayi, ndibwera. Ndiona sitima ya m'mawa, ndikuuzani nthawi yofikira.